Kapiritsi ka Shuga M'mimba Mopanda Kanthu

Abambo anga anayamba kuchoka m'thupi mwawo mwezi wa Januwale, chaka chimene nkhokwe yathu inatha Khirisimasi isanafike. Ndikuti kuchoka chifukwa mawu ena sindikuwapeza. Thupi linkatsala pomwepo pakati pa mizere ya fodya, chipewa chili kumutu, koma munthu mulibemo.

Ndiyambe ndi shuga. Anawapeza nawo mu Juni, titangomaliza kukolola. Ine ndinali nditabwerera kwathu ku Lisasadzi ukwati utandikanika, ndipo zimenezo musandifunse. Amayi anali atamwalira kale, ndiye m'nyumba tinalimo awiri. Abambo ankamwa madzi osakhuta, kutaya madzi kosalekeza, thupi likungotha. Ndinapita nawo kuchipatala kuboma. Adokotala, mwana wamng'ono ndithu, anawabaya pachala, nati ndi matenda a shuga. Anatipatsa timapiritsi toyera m'kapepala ka pulasitiki, kenako anayang'ana ine, poti ndine ndinkaoneka wopitako kusukulu, nandiuza zinthu zitatu. Asiye shuga ndi zonse zotsekemera. Asamadumphitse mankhwala. Azimwa m'mawa pa nthawi ya kadzutsa, ndipo asamakhalitse ndi njala. Sindiwanamizira adokotala aja, ananena zonse zitatu. Ine ndinagwira ziwiri zoyambazo, chifukwa ndi zimene zinandiopsa. Chachitatucho ndinangoti eya. Kodi kudya munthu amachita kuuzidwa?

Ndine wa mkamwa ine, ndipo ndikagwira chinthu ndagwira. Tsiku lomwelo shuga amene anali m'chitini ndinakapereka kwa anansi. Thobwa ndinaletsa, nzimbe ndinaletsa, misale ndinaletsa. Pamaliro ndinkakhala moyang'anana ndi abambo kuti ndione chimene akulandira. Iwo ankandiseka, ankati anabereka wapolisi osadziwa. Koma anachira. Miyezi yonse ya chilimwe ankadzuka, kudya mbatata yophika ndi tiyi wosathira kanthu, kumwa kapiritsi kawo, n'kupita kukathirira nazale ya fodya kudambo. Thupi linabwerera. Ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Zinali zaka za makuponi zija. Feteleza wotsika mtengoyo anali wa chimanga, aliyense ankadziwa, koma kwathu kuno ndani akanasiya fodya akuchita chikasu thumba lili m'nyumba? Dzinja lapitalo abambo anathira pafupifupi yense ku fodya, ngati anzawo onse. Chimanga chinabereka mwa ulemu chabe. Mbatata inatha, mtedza unatha, mango anatha. Pofika Januwale tinkadya kamodzi, cha m'ma thu koloko tikaweruka kumunda. Panalibe chachilendo pamenepo. Mlimi wa kwathu m'dzinja amalawira m'mimba mopanda kanthu, amayamba wagwira ntchito. Kadzutsa anasowa mwakachetechete, osatsanzika. Kapiritsi kokha ndi kamene kanatsala pamalo pake. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo ndi kapu ya madzi, ndipo abambo sankadutsa asanameze.

Tsiku loyamba tinali kuthyola masamba a m'munsi. Dziko la kwathu ndi lathyathyathya, ukaima m'munda umaona fodya yekhayekha mpaka kumene maso alekezera, ndi zigafa zoumitsiramo fodyayo apo ndi apo. Dzuwa linali litakwera, mphepo kulibe. Ndinazindikira kuti sindikumvanso kuthyoka kwa masamba kumzere wa abambo. Nditaweramuka ndinawaona ataima njo, akuyang'ana kutsidya kwa dambo. Ndinaitana, osayankha. Ndinapita pafupi.

Malaya anali atanyowa ngati agwa m'madzi, koma nditagwira mkono unali wozizira. Maso ali tong'o, osandiona. Chimene chinandiimitsa tsitsi ndi manja. Ankathyola. Dzanja lamanja linkapita m'mwamba m'malere, kudula tsamba limene panalibe, n'kulisanja bwinobwino pamkono wamanzere, kubwereranso. Mwaluso, mofulumira, monga ankathyolera ali mnyamata. Milomo inkagwedera. Nditatchera khutu ndinamva akuti, “Mzere uno ndi womaliza. Ndiloleni ndizipita.”

Ndinawagwira dzanja n'kuwakoka mpaka kunyumba, akupunthwa m'mizere. Sindinadziwe chochita, ndiye ndinachita chimene mkazi amachita akasowa chochita, ndinaphika. Anadya ngati mwana, chakudya chikugwera pamalaya. Patapita kanthawi ndinaona munthu akubwerera m'maso muja pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, nandifunsa chifukwa chimene taweruka msanga pamene masamba akupsa m'munda. Sankakumbukira kalikonse. Anangodandaula kuti atopa ngati alima tsiku lonse.

Zinachitikanso patapita masiku awiri, kenako mawa lake, kenako pafupifupi tsiku lililonse. Nthawi yake inali yomweyo, dzuwa lisanafike pamutu. Tsiku lina ankathyola m'malere, tsiku lina ankasoka fodya wosaoneka, singano kulibe, chingwe kulibe. Tsiku lina anandiyang'ana mwaulemu nandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Akadya ankabwerera. Ine sindinalumikize. Ndinkati amabwerera chifukwa nthawi yawo yobwerera yakwana.

Azakhali anga, alongo awo a abambo, ndi amene anazindikira kuti Lamulungu sizichitika. Zinali zoona. Lero ndikudziwa chifukwa chake: Lamulungu sitinkapita kumunda, ndipo ndinkaphika kaphala ka gaga tisanapite kutchalitchi kuti mimba isalire pakati pa ulaliki. Koma azakhali anali ndi yankho lina. Anandikokera kuseri kwa khola nandifunsa ngati ndaonapo ntchito yogwirika Lamulungu. Anati munthuyu akukagwira ntchito kwina. Anati kale ndondocha ankazipanga ndi anthu akufa, zizilima usiku, koma a masiku ano achenjera, amakutenga uli moyo dzuwa likuswa mtengo, chikopa n'kukusiyira. Kenako analoza ndi mlomo kutsidya kwa dambo, kumene abambo ankayang'ana.

Kutsidyako kunali munda wa abambo aang'ono, mng'ono wawo wa abambo. Munthu wofatsa, wosalankhulalankhula, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku esiteti n'kubwerako ndi ng'ombe ziwiri, ngolo ndi malata. Fodya wawo chaka chimenecho anali wofika m'khosi, wobiriwira bii, ndipo antchito sitinkawaona ambiri. Azakhali anandifunsa kuti akuthyola ndani.

Ndinawakalipira. Ndinati ine ndinapita kusukulu, ndimaimba kwaya, zoterezo asandiuze. Koma mawa lake abambo atachoka, ndinawakhazika pamthunzi wa chigafa n'kuwoloka dambo ndekha. Ndinaima m'mphepete mwa munda uja. Kunali zii, ngakhale mbalame. Kenako pakati penipeni pa munda masamba anayamba kugwedezeka, mzere umodzi wokha, kugwedezekako kukuyenda pang'onopang'ono kulowera kumapeto. Mphepo kunalibe. Mwina anali galu, mwina nkhuku. Sindinadikire kuti ndione. Ndinathamanga thupi lonse lili tsemwe, ndipo pofika kwathu ndinali nditakhulupirira.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinabwerere kuchipatala. Ndadzifunsa ndekha kokwanira. Tsiku lobwerera adokotala analilemba m'kabuku, linali kumapeto kwa Febuluwale. Komanso matenda a shuga ndinkati ndikuwadziwa: ludzu, kutaya madzi, kuwonda. Zonsezo zinali zitatha, ndipo ndinazithetsa ndine. Izi zinali zina. Ndikanakawauza chiyani adokotala, kuti abambo akusoka fodya wa eni m'malere?

Abambo aang'ono anabwera madzulo ena. Sindinawapatse mpando. Anaima pabwalo chipewa chili m'manja, nafunsa funso limodzi lokha, ngati achimwene awo akudya m'mawa. Magazi anandiwira. Ndinamva ngati akutinyoza umphawi, iwo amene akudya thukuta la m'bale wawo. Ndinawayankha kuti pakhomo pano sitinayambe tapemphapo kwa munthu. Anavala chipewa chawo n'kuchoka. M'mawa mwake ndinapeza beseni la ufa pakhonde, lovundikira ndi nsalu. Ufa woyera, mu Januwale! Ndinaitana azakhali, tinauyang'ana osaugwira, ndipo tinakautaya kudzenje. Abambo sindinawauze.

Azakhali ndiwo anabwera ndi mayi wina wa mapemphero wochokera cha ku Njombwa. Sanali wa mpingo wathu. Anali wamtali, wa mawu otsika, ndipo sanapemphe kanthu, zimene zinandipangitsa kumukhulupirira. Anazungulira nyumba, anazungulira chigafa, anaima nthawi yaitali akuyang'ana kutsidya. Anati chingwe chimene amangira abambo ndi cholimba, sichiduka ndi pemphero wamba. Tisale kudya masiku atatu, nyumba yonse, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, madzi okha. Abambo anavomera. Anali atayamba kuchita mantha ndi nkhope zathu, ndipo anandiuza kuti ngati akuvutitsa anthu osadziwa, bola zithe.

Za mankhwala mayi uja sanazitchule, ine sindinamufunse. Ndinaganiza ndekha, ndi nzeru zanga za kusukulu zija, kuti piritsi si chakudya, silingaswe kusala. Ndinkafuna kumvera Mulungu ndi adokotala pamodzi. M'mawa wa tsiku loyamba ndinaima pakhomo ndi kapu yanga ya madzi.

Tsiku limenelo abambo anachoka nthawi yomwe ija, koma thu koloko itakwana sanabwerere. Anakhala tsonga pamkeka, mutu uli pendeke, akung'ung'udza, mpaka dzuwa linalowa ndipo tinawamwetsa phala. Mayi uja anati ndi chizindikiro chabwino, mdani wamva kutentha.

Tsiku lachiwiri zinayamba molawirira. Tinali pansi pa chigafa, fodya wofota akulendewera pamitu pathu, fungo lake lija lolowa mpaka m'mutu. Abambo anali kusoka fodya weniweni, kenako singano inagwa, manja n'kupitiriza okha. Anayamba kunjenjemera. Anaseka, kuseka kumene sindinakumvepo m'kamwa mwawo, kwa munthu wina. Azakhali atawagwira phewa anawakankha mpaka kugwa chagada, abambo anga amene sankatha ngakhale kuthamangitsa nkhuku mwaukali. Kenako anatsetsereka pa nsanamira n'kukhala pansi. Mayi uja anakweza mawu. Anthu anayamba kubwera.

Chimene ndinayamba kumva ndi supuni. Ngwe, ngwe, ngwe, ikugunda m'kapu yachitsulo, phokoso likuyandikira kuchokera kudambo. Anali abambo aang'ono, akubwera chothamanga, matope mpaka m'mawondo, akutakasa akuthamanga. Wina anali atawauza. Anthu anapatuka. Anafika pamaso panga akupuma mwabefu.

“Mwana wanga, ndi madzi a shuga awa, palibe china. Akadali kumeza. Amwe msanga.”

Anafotokoza mofulumira kuti ku esiteti kunali kalaliki wa matenda omwewa, ankayenda ndi maswiti m'thumba, ndipo akayamba thukuta lozizira ankamupatsa shuga, pakangopita kanthawi n'kudzuka. Anati mankhwalawa amafuna chakudya. Anati ndilawe ndekha ngati ndikukayika, kapena alawe iwo.

Ndinali ndi zifukwa ziwiri zokanira, ndipo zonse zinkaoneka zolimba. Kapu inachokera m'manja mwa munthu amene ndinkati akupha abambo. Ndipo munali shuga, chinthu chimene ndinachilondera miyezi isanu ndi iwiri kuti chisafike pakamwa pawo. Ngati si mfiti, ndiye ndi mbuli, ndinatero mumtima. Ndinaimenya kapu ija ndi kuseri kwa dzanja. Inagubuduka mpaka pa mulu wa mikangala yopachikira fodya.

Mawu amene ndinawanena sindiwalemba pano. Ndinawanena pamaso pa mudzi wonse, kwa munthu amene anandinyamulapo ndili khanda. Iwo anatola kapu yawo, nati akukasungunula ena. Atabweranso, amuna awiri anawatsekera njira, azakhali akukuwa kumbuyo. Sanalimbane nawo. Anangoti, motsitsa, “Mukundiphera mkulu wanga.” Anabwerera, n'kukamanga ng'ombe pangolo, n'kudzaima nayo panjira, pamene aliyense akanatha kuiona. Anakhala pamenepo padzuwa, osayandikira, osachoka.

Ife tinkapemphera. Abambo anasiya kunjenjemera, ndipo ndinati zikutheka. Anagona chammbali, akuliza mkonono maso ali otsekula pang'ono, koyera kokha kukuoneka. Ndikukumbukira kuti ndili chogwada ndinaona nyerere zitadzaza pamene panatayikira madzi paja, zakuda bii, zikubwera pamzere kuchokera kunja kwa chigafa. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali. Nyimbo zinayamba kuchepa mphamvu. Anthu ankachoka mmodzimmodzi. Dzuwa litapendeka, mayi uja anati akukaitana anzake oti adzathandize, ndipo sitinamuonenso.

Ndinawagwedeza abambo, ndinawatsina, ndinawaitana mokuwa m'khutu. Palibe. Mkono ndikaukweza unkangogwa. Pamenepo mantha a ufiti anandithera, anabwera mantha enieni. Ndinaimirira n'kuyenda kupita pangolo paja. Sindinapepese, sindinathe. Abambo aang'ono anangondiona n'kutsika. Anayesa kupaka shuga m'kati mwa tsaya la abambo ndi chala, poti kumeza kunali kutatha, ndipo ulendo uno ndinangoyang'ana. Tinawanyamula. Njira yonse mpaka kumsewu waukulu kunkangomveka magudumu m'matope ndi mkonono uja. Kumsewu tinapeza galimoto.

Kuchipatala namwino anawabaya pachala, anayang'ana kamakina kake, n'kuthamanga. Anabwera ndi jakisoni wamkulu n'kuwabaya pamtsempha. Ndinafunsa kuti ndi mankhwala anji. Anati ndi shuga. Ndinakhala pansi pasimenti.

Atamaliza anandifunsa zimene abambo adya. Ndinati sanadye. Dzulo? Phala, madzulo. Mankhwala amwa? Ndinati amwa, sanadumphitsepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi kuti ndinayankha monyadira. Namwino uja sanakalipe, bola akanakalipa. Anandifotokozera ngati akuphunzitsa mwana. Anati kapiritsi aka ntchito yake ndi kutsitsa shuga wa m'magazi, ndipo kamatsitsa basi, kaya munthu wadya kaya sanadye. Sikadziwa kuti nkhokwe yatha. Munthu akamwa osadya n'kukagwira ntchito yolemetsa, shuga amatsika kupitirira muyeso, ndipo choyamba kuvutika ndi mutu. Amatuluka thukuta lozizira, amanjenjemera, amalankhula zosamveka, ena amachita ndewu. Pamenepo wodwala shuga amafunika shuga yemweyo, msangamsanga, akadali kumeza, kenako chakudya. Anati zikachedwa maola ambiri, ubongo umawonongeka, ndipo suchira wonse.

Kenako anafunsa kuti agwa nthawi yanji. Nditamuuza anayang'ana wotchi ya pakhoma, nandifunsanso.

“Panalibe shuga pafupi? Ngakhale kwa anansi?”

Ndinatsekula pakamwa, koma abambo aang'ono anayankha ndisanalankhule. “Panalibe, amayi. Ndi nthawi ya njala ino.” Sanandiyang'ane. Nkhani imeneyi sanaitchulepo mpaka imfa yawo, ndipo kukhala chete kwawoko kunandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Abambo anatsekula maso tsiku lachitatu. Anamwa phala, anakhala tsonga, patapita sabata anayenda. Kuwodi anthu ankati Mulungu ndi wamkulu. Ine ndinkadikira kuti munthu abwerere m'maso muja, monga ankachitira akadya. Ndinawadyetsa, ndinadikira. Adokotala anasintha mankhwala, anandilembera nthawi zodyera, anandiuza zoti tikasowa chakudya ndizibwera kudzanena m'malo mongopitiriza. Zonsezo ndinazisunga bwino lomwe, pamene zinali zitachedwa.

Anakhala nafe zaka zina zinayi. Sankavuta. Ankakhala pakhonde, aukhondo, aulemu, manja ali pamawondo. Fodya anatithyolera ndi abambo aang'ono ndi ana awo chaka chimenecho, ndipo chaka chotsatira feteleza yense ndinathira ku chimanga, amene ankaseka aseke. M'nyumba mwanga simunasowenso chakudya cha m'mawa. Ngakhale zitavuta bwanji ndinkapeza kambatata, kachinangwa, kaphala, ndipo ndinkakhala pambali mpaka amalize ndisanatulutse mankhwala.

M'mawa wina, chaka chawo chomaliza, atamaliza kudya anapukuta pakamwa, nayang'ana bwalo, khola, mtengo wa mango umene anadzala okha. Ananditembenukira.

“Pepani mayi, kodi pano ndi pa yani?”

Ndinati ndi panu, abambo, munamanga nokha.

Anaseka pang'ono, ngati ndikuwacheza. “Ayi, kwathu ndi kutali. Koma mukawaona eni ake muwathokoze. Chibwerereni pano sanandisiyepo ndi njala.”

Ndinati ndiwauza. Ndinatenga mbale n'kupita nayo kuseri kwa nyumba, ndipo ndinakhalako mpaka ataiwala kuti anandifunsa.